Ballyhale Shamrocks: kalabu ya kumudzi imene siingagule wosewera

Kum'mwera kwa kaunti (boma) ya Kilkenny, m'dziko la Ireland, pa msewu wakale wopita ku mzinda wa Waterford, pali mudzi wotchedwa Ballyhale. Muli tchalitchi, sukulu ya pulayimale ndi nyumba zondandana m'mbali mwa msewu, ndipo kuseri kwa nyumbazo kuli minda ya msipu yodyetseramo ng'ombe. Anthu okhala m'mudzimo ndi mazana ochepa chabe, ndipo ngakhale mutawaphatikiza ndi a ku Knocktopher ndi a ku Knockmoylan, amene ali m'parishi yomweyo, chiwerengero chawo sichingafike pa cha tauni yaing'ono. Komabe kalabu ya parishi imeneyi, Ballyhale Shamrocks, yatenga chikho cha makalabu a masewera a hurling a chilumba chonse cha Ireland ka 9, pamene makalabu a Birr ndi Portumna, amene kwa nthawi yaitali ankatchulidwa limodzi nayo, anachitenga kanayi kalabu iliyonse.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya kalabu imeneyi si kuchuluka kwa zikho kokha ayi, koma njira imene zikhozo zinabwerera. Kalabu ya mtundu uwu ilibe mwini wake wachuma, siilipira osewera, ndipo siingapite ku mudzi woyandikana nawo kukanyengerera mnyamata waluso kuti asamuke. Ikasowa osewera, chimene ingachite n'chimodzi basi, kudikira kuti ana a m'parishi akule. Ndikhulupirira kuti mbiri yonse ya kalabuyi, pamodzi ndi bwalo, makoma, magetsi ndi zipinda zimene makalabu a kumudzi ku Ireland amamanga, zimamveka bwino munthu akaziyang'ana ndi mfundo imeneyi m'maganizo.

Kwa amene sanaonerepo masewerawa, hurling imaseweredwa ndi anthu 15 mbali iliyonse, ndipo aliyense amanyamula ndodo yotchedwa hurley, yosemedwa kuchokera ku mtengo wa ash, yosakwana mita imodzi kutalika kwake ndiponso yophwatalala kumapeto. Mpira wake, sliotar, ndi waung'ono wokwana m'dzanja, wolimba, wokutidwa ndi chikopa, ndipo ukamenyedwa bwino umathamanga liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Wosewera amaloledwa kuuwakha m'malere ndi dzanja, koma saloledwa kuutola pansi ndi dzanja kapena kuuponya; ayenera kuunyamula ndi ndodo, ndipo akafuna kuthamanga nawo kupitirira masitepe anayi, amaukhazika pansonga ya ndodoyo n'kumathamanga uli pomwepo. Golo lake ndi milongoti iwiri italiitali yokhala ndi mtanda pakati. Mpira ukadutsa pamwamba pa mtandawo ndi pointi imodzi, ukalowa mu ukonde pansi pake ndi chigoli, chimene chimawerengedwa ngati mapointi atatu. Masewerawa ndi akale kwambiri, moti malamulo otchedwa Statutes of Kilkenny, a m'zaka za m'ma 1360, anayesa kuletsa atsamunda ochokera ku England kuti asamasewere nawo, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu choyenera kutetezedwa.

Amene amayendetsa masewerawa ndi bungwe la Gaelic Athletic Association, lodziwika ndi aliyense kuti GAA, limene linakhazikitsidwa pa 1 Novembala 1884 mu Hayes' Hotel m'tauni ya Thurles, motsogozedwa ndi Michael Cusack ndi Maurice Davin. Bungweli linasankha kuyala maziko ake pa magawo amene anthu ankawadziwa kale. Chilumbachi chili ndi makaunti 32, ndipo m'makaunti ambiri a kumudzi, kuphatikizapo Kilkenny, kalabu imatsatira malire a parishi ya mpingo wa Katolika. Mwana amasewerera kalabu ya kumene anabadwira kapena kumene akukhala, ndipo ngakhale pali njira yopemphera kusamuka munthu akasintha malo okhala, ochuluka amayambira ndi kumalizira pa kalabu imodzi. Osewera aluso kwambiri a m'makalabu onse amasankhidwa kukapanga timu ya kaunti, ndipo ndi timu imeneyo imene imakasewera pamaso pa anthu oposa 82,000 m'bwalo la Croke Park ku Dublin. Ngakhale pamenepo palibe wolandira malipiro. Wosewera wotchuka m'dziko lonse amadzuka Lolemba m'mawa kupita kukaphunzitsa ana kusukulu, kukagwira ntchito ku banki kapena kukakama ng'ombe.

Kalabu ya Ballyhale Shamrocks si yakale poyerekeza ndi anzake. Ku Kilkenny komweko kuli kalabu ya Tullaroan, imene inatenga chikho choyamba cha kaunti mu 1887, pamene Shamrocks inabadwa mu 1972. Chaka chimenecho chisanafike, anthu a m'parishiyi anali ogawikana m'matimu ang'onoang'ono a midzi yawo, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene ikanatha kulimbana ndi makalabu akuluakulu. Akuluakulu a m'deralo, mmodzi mwa iwo ali Kevin Fennelly wamkulu, anagwirizana kuti matimuwo aphatikizidwe n'kukhala kalabu imodzi yovala zoyera ndi zobiriwira. Poilemba papepala nkhaniyi imaoneka yapafupi, koma aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa midzi iwiri yoyandikana akudziwa kulemera kwake. Kuphatikizana kumatanthauza kusiya dzina limene bambo ako anasewerera, kuvala malaya amodzi ndi munthu amene munkamenyana naye ndodo chaka chatha, ndiponso kuvomera kuti mwana wako, amene akanakhala woyamba kusankhidwa m'timu ya mudzi wanu, tsopano akhala pabenchi. Anthu a ku Ballyhale, Knocktopher ndi Knockmoylan anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndimaona chiganizo cha 1972 ngati chachikulu kuposa chikho chilichonse chimene chinadza pambuyo pake.

Zotsatira zake sizinachedwe. Makalabu a ku Kilkenny amagawidwa m'magulu atatu, la pansi, la pakati ndi la pamwamba. Kalabu yatsopanoyi inapambana m'gulu la pansi mu 1973, m'gulu la pakati mu 1974, ndipo pofika 1978 inali itatenga chikho cha Tom Walsh, chimene chimaperekedwa kwa akatswiri a gulu la pamwamba. Inachitenganso mu 1979 ndi mu 1980. Msana wa timuyo unali ana aamuna asanu ndi awiri a Kevin Fennelly, omwe ndi Michael, Ger, Kevin, Brendan, Liam, Sean ndi Dermot, abale a mimba imodzi amene pa nthawi zina ankadzaza pafupifupi theka la timu yonse. Pa nthawiyo mpikisano wa makalabu a dziko lonse, umene unayamba mu nyengo ya 1970 mpaka 1971, unali m'manja mwa makalabu atatu a mumzinda wa Cork, Blackrock, Glen Rovers ndi St Finbarr's, okhala ndi anthu zikwizikwi osankhamo osewera. Shamrocks inafika mu ndime yomaliza mu 1979 n'kugonja kwa Blackrock, koma mu 1981 inagonjetsa St Finbarr's n'kutenga koyamba chikho cha Tommy Moore, chimene ndi cha makalabu a dziko lonse. Inachitenganso mu 1984 itaposa Gort ya ku Galway pa masewera obwereza, ndiponso mu 1990 itagonjetsa Ballybrown ya ku Limerick. Pakati pa 1978 ndi 1991 inakhala akatswiri a Kilkenny ka 9. Popeza mwambo wa ku Kilkenny unali wakuti kalabu yopambana ndiyo imasankha kaputeni wa timu ya kaunti, Ger Fennelly ananyamula chikho cha Liam MacCarthy, cha matimu a makaunti a dziko lonse, m'malo mwa Kilkenny mu 1979, ndipo m'bale wake Liam anachinyamula mu 1983 ndi mu 1992.

Kenaka kunagwa chilala cha zikho, ndipo gawo limeneli ndi limene ndimalikonda kuposa onse, ngakhale kuti ndi limene olemba mbiri amalidumpha msanga. Abale a Fennelly ndi anzawo anakula, miyendo inayamba kulemera, ndipo m'parishimo munalibe anyamata okwanira a msinkhu wotsatira oti alowe m'malo mwawo. Kalabu imene inali akatswiri a Ireland yense mu 1990 inatsitsidwa kupita m'gulu la pakati zaka zochepa pambuyo pake, ndipo inabwerera pamwamba mu 1997. Kuchokera mu 1991 mpaka 2006, zaka 15 zathunthu, chikho cha Tom Walsh sichinapondenso ku Ballyhale. Timu ya mpira wamiyendo ya mumzinda ikafika pamenepo imachotsa mphunzitsi, imafunafuna kampani yoithandiza n'kugula osewera atsopano. Kalabu ya parishi ilibe khomo limenelo. Imayang'ana m'kaundula wa ubatizo ndi m'makalasi a sukulu ya pulayimale n'kuwerenga kuti anyamata a zaka zisanu ndi ziwiri alipo angati, podziwa kuti padzapita zaka khumi ndi zingapo asanathandize timu yaikulu. Imachita zimene amachita mlimi m'chaka cha njala, amene amakana kudya mbewu ngakhale m'nyumba mulibe ufa.

Apa ndi pamene malo osewerera amaonetsa ntchito yake yeniyeni, ndipo malo oyamba pa onse si bwalo la kalabu koma la sukulu. Ku Ballyhale dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Joe Dunphy, amene anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale ya m'mudzimo kwa zaka zambiri, ndipo anaphunzitsa mibadwo ya ana kagwiridwe ka ndodo. Mmodzi mwa ana amenewo anali Henry Shefflin, wobadwa mu 1979, amene makolo ake anali ndi malo omwera mowa m'mudzimo. Kuseri kwa malowo kunali chipinda chosewerera squash, masewera omenyetsa kampira kukhoma, ndipo mnyamatayo ankathera maola ambiri mmenemo akumenyetsa mpira kukhoma. Atakula anatenga mamendulo 10 a dziko lonse ndi timu ya Kilkenny pansi pa mphunzitsi Brian Cody, chiwerengero chimene wosewera wina aliyense wa hurling sanachifikepo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka katatu, mu 2002, 2006 ndi 2012. Ana ambiri a m'deralo akamaliza pulayimale amapita ku St Kieran's College mumzinda wa Kilkenny, sukulu imene yatulutsa akatswiri ochuluka, koma pofika kumeneko manja amakhala atazolowera kale.

Nkhani ya chipinda cha squash ija imafotokoza chifukwa chimene makalabu ambiri a hurling masiku ano amamangira khoma lalitali la konkire pambali pa bwalo, nthawi zina lokhala ndi magetsi ndi kapinga wochita kupanga pansi pake. Khomalo lilibe kukongola kulikonse, koma pa zonse zimene kalabu ingawonongere ndalama, ine ndimaliika patsogolo. Luso lalikulu la hurling lili pa kulandira mpira wothamanga, kuukhazika pa ndodo ndi kuumenya mbali ya kumanja ndi ya kumanzere mofanana, ndipo zimenezi sizibwera ndi kumvera mphunzitsi koma ndi kubwereza kambirimbiri. Khoma limabweza mpira uliwonse molingana ndi mphamvu imene waumenyera, silitopa, ndipo silifuna kuti papezeke anzako 29 kuti masewera ayambe. Kumudzi, kumene nyumba zili patalipatali ndipo mwana akhoza kukhala yekha wa msinkhu wake pa mtunda wa makilomita angapo, phindu la chinthu chotere ndi lalikulu. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi khoma la nyumba kapena la khola, ndipo mpaka lero ku Kilkenny si chachilendo kuona ana akupita kusukulu chikwama kumsana, ndodo ili m'manja.

Bwalo lenileni la kalabu ya Shamrocks limatchedwa Páirc na Seamróg. Malamulo a GAA amafuna kuti bwalo likhale lotalika mamita 130 mpaka 145 ndiponso lotambalala mamita 80 mpaka 90, kutanthauza kuti lalikulu kwambiri limatsala pang'ono kukwana mabwalo awiri a mpira wamiyendo. Milongoti ya golo imatalikirana mamita 6.5, mtanda umakhala mamita 2.5 kuchokera pansi, ndipo kuseri kwa golo lililonse amaimika maukonde ataliatali otchinga mipira, chifukwa popanda iwo mipira ikanathera m'minda ya eni ake ndi mumsewu. Kupeza malo athyathyathya aakulu chotere m'dera limene nthaka iliyonse ndi msipu wa munthu si nkhani yaing'ono, ndipo makalabu ochuluka a ku Ireland anakhala zaka zambiri akubwereka munda kwa mlimi asanagule wawo. Akaugula, mdani wamkulu ndi madzi. Ku Ireland mvula ilibe nyengo, imagwa mwezi uliwonse, ndipo hurling imafuna nthaka youma ndi udzu wometedwa bwino kuti mpira uzidumpha moyenera ndi kunyamulika pa ndodo. Choncho ndalama zambiri zimakwiriridwa pansi, m'mipope yochotsa madzi, m'miyala ndi mumchenga, kumene mlendo wobwera kudzaonera masewera saziona n'komwe.

Magetsi ndi chinthu china chimene chasintha moyo wa makalabu a kumudzi. Mpikisano wa kaunti umatha cha mu Okutobala, wa chigawo cha Leinster umachitika mu Novembala ndi Disembala, ndipo ndime yomaliza ya dziko lonse, imene kwa zaka zambiri inkaseweredwa pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera, inasunthidwa mu 2020 kupita mu Januwale. Izi zikutanthauza kuti kalabu yopambana imakonzekera masewera ake aakulu m'miyezi imene dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko madzulo, pamene osewera akadali kuntchito kapena pamsewu kuchokera ku Dublin, Waterford kapena Cork. Popanda magetsi amphamvu oti kampira kakang'ono chotere kaoneke m'mwamba, timu siingakonzekere pakati pa sabata. Pambali pa zimenezi pamafunika zipinda zosinthira zovala zokhala ndi madzi otentha, chipinda cha misonkhano, khitchini yophikira tiyi, malo olimbitsira thupi, ndiponso makina odzutsira mtima ukaima mwadzidzidzi, amene masiku ano amapachikidwa pakhoma la makalabu ambiri. Makalabu ochuluka aikanso kanjira koyendamo kozungulira bwalo, kowala usiku, ndipo ndimakayamikira kwambiri kanjira kameneka chifukwa misewu ya kumudzi ku Ireland ndi yopapatiza ndi yamdima, moti agogo ndi amayi oyenda ndi ana amapeza malo otetezeka pa bwalo limene mwina sanaseweretsepo mpira.

Funso loti ndalama zimachokera kuti lili ndi yankho losasangalatsa kumva koma lofunika. Gawo lina limachokera ku thandizo la boma la Ireland lomangira malo a masewera ndiponso ku mabungwe a GAA a pamwamba, koma thandizo lotere silikwanira, ndipo kawirikawiri limafuna kuti kalabu ionetse kaye zimene yasonkha yokha. Zotsalazo zimachokera m'matumba a anthu a m'parishi: ndalama za umembala za chaka ndi chaka, lotale ya sabata iliyonse imene matikiti ake amagulitsidwa m'masitolo, m'malo omwera ndi pa intaneti, zikwangwani za amalonda a m'deralo zokhomedwa pa mpanda wa bwalo, ndi mphatso za ana a m'mudzi amene anasamukira kunja. Ntchito yambiri imagwiridwa mongodzipereka. Wina amabweretsa thirakitala, wina amatchetcha udzu, wina amajambula mizere yoyera, wina amachapa malaya a timu, ndipo mlembi, msungichuma ndi wapampando amasankhidwa pa msonkhano wa pachaka popanda kulandira kanthu. Chimene ndimachiona chanzeru koposa ndi umwini wa malowo. Bwalo la kalabu ya GAA limalembedwa m'manja mwa anthu osankhidwa kulisunga m'dzina la bungwe, ndipo silingagulitsidwe popanda chilolezo cha akuluakulu a bungwelo. Komiti ikhoza kukangana, wapampando akhoza kuchoka mokwiya, timu ikhoza kugonja zaka 15, koma munda sukhala wa munthu mmodzi woti tsiku lina n'kuugawa mapuloti.

Ana amene ankadikiridwa aja anakula. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 matimu a kalabuyi a osapitirira zaka 21 anayamba kutenga zikho za kaunti motsatizana, ndipo mu 2006 timu yaikulu inakhalanso akatswiri a Kilkenny, n'kupitiriza mpaka 2009, zaka zinayi zotsatana. Pa 17 Malichi 2007 inagonjetsa Loughrea ku Croke Park, mu 2010 inagonjetsa Portumna, imene inali itatenga chikhocho zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mu 2015 inagonjetsa Kilmallock, Shefflin n'kulengeza patangopita masiku ochepa kuti wasiya kusewerera kaunti. Mayina a m'badwo umenewu akusonyeza mmene ulusi unalumikizikira: Michael ndi Colin Fennelly ndi ana a Michael uja wa m'gulu la abale asanu ndi awiri, ndipo pambali pawo panali James Fitzpatrick, wodziwika kuti Cha, ndi abale a banja la Reid, mmodzi mwa iwo ali T.J. Reid, amene anali m'matimu onse asanu ndi limodzi amene anatenga chikho cha dziko kuyambira 2007 mpaka 2023. Makaputeni a Kilkenny amene ananyamula chikho cha Liam MacCarthy mu 2007, 2008, 2009 ndi 2015, omwe ndi Shefflin, Fitzpatrick, Michael Fennelly ndi Joey Holden, onse anali a parishi imodzi yomweyi.

Shefflin atasiya kusewera anabwerera pa bwalo lomwelo ngati mphunzitsi, ndipo anatsogolera kalabuyi kutenga chikho cha dziko mu 2019, pogonjetsa St Thomas' ya ku Galway, ndi mu 2020, pogonjetsa Borris-Ileigh ya ku Tipperary. M'timu imeneyo munali kale achinyamata a m'badwo wachitatu monga Adrian Mullen ndi Eoin Cody. Mliri wa Covid-19 unachititsa kuti mpikisano wa dziko wa nyengo yotsatira usachitike, ngakhale kuti kalabuyi inali itapambananso ku Kilkenny. Mu Febuluwale 2022 inafikanso mu ndime yomaliza, kukakumana ndi kalabu ya Ballygunner, ndipo inkatsogola ndi mapointi awiri nthawi itatsala pang'ono kutha, pamene Harry Ruddle wa Ballygunner, amene analowa kuchokera pabenchi, anamenya mpira wapansi n'kumwetsa chigoli. Masewera anatha Ballygunner ili ndi zigoli 2 ndi mapointi 17, Shamrocks chigoli chimodzi ndi mapointi 19, ndiko kuti mapointi 23 kwa 22. Kugonja kotere kumaphwasula matimu ambiri, koma chaka chomwecho Shamrocks inatenga chikho cha kaunti kachisanu motsatizana, n'kufika pa zikho 20 zimene Tullaroan inasonkhanitsa m'zaka zoposa 100, ndipo inabwezera Ballygunner mu ndime yachiwiri kwa yomaliza isanagonjetse Dunloy ya ku Antrim mu Januwale 2023.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati kuti dongosolo la parishi lilibe zilema, chifukwa zilipo ndipo zina n'zopweteka. Mnyamata waluso wobadwira m'parishi yofooka akhoza kumaliza moyo wake wonse wa masewera osagwirapo chikho, pamene mnzake wa luso lochepa, wobadwira tsidya lina la mtsinje, ali ndi mamendulo odzaza kabati. Kupambana kwa Ballyhale kwadalira kwambiri mabanja ochepa okhala ndi ana ambiri, ndipo mabanja a ana asanu ndi awiri sakupezekanso ku Ireland monga kale. Achinyamata akupita ku Dublin, ku Australia, ku Canada ndi ku mayiko a Aluya kukafuna ntchito, moti m'madera ena, makamaka kumadzulo kwa dzikolo, makalabu akukakamizika kuphatikiza matimu a ana kuti akwane 15, pamene makalabu a m'mphepete mwa mizinda ali ndi ana ochuluka kuposa mabwalo. Katundu amene wosewera wosalipidwa amasenza nayenso ndi wolemera, pakuti amene ali m'timu ya kaunti ndi ya kalabu yopambana amatha chaka chonse osapuma, ngakhale kuti GAA inagawa chaka pawiri kuti masewera a makaunti azitha mu Julaye ndipo miyezi yotsatira ikhale ya makalabu.

Palinso nkhani ya atsikana, imene kwa nthawi yaitali sinkawerengedwa pomanga malo amenewa. Hurling ya amayi imatchedwa camogie ndipo ili ndi bungwe lakelake kuyambira 1904, koma mabwalo ambiri ali m'dzina la makalabu a GAA, kotero kuti matimu a atsikana m'malo ena akhala akulandira nthawi yotsala ndi zipinda zosawayenera. Mu 2024 komiti yotsogozedwa ndi Mary McAleese, amene anakhalapo mtsogoleri wa dziko la Ireland, inalengeza cholinga chakuti mabungwewa akhale amodzi pofika 2027. Kwa ine chimenechi n'chofunika kwa makalabu a kumudzi kuposa a mumzinda, chifukwa parishi ya anthu ochepa siingakwanitse kusiya theka la ana ake kunja kwa mpanda, ndipo amayi amene akhala akuyendetsa ana, kugulitsa matikiti ndi kusunga mabuku a kalabu ali ndi gawo lawo pa munda umenewo.

Vuto lomaliza lili pa ndodo yeniyeniyo. Mtengo wa ash umatenga zaka pafupifupi 25 kapena 30 kuti ufike poti n'kusemedwa, ndipo mbali yofunika ndi ya kutsinde, pamene mizere ya mtengo imapindika kulowera ku mizu, chifukwa kupindika kumeneko ndi kumene kumalimbitsa nsonga ya ndodo. Mu 2012 matenda oumitsa mitengo imeneyi anapezeka ku Ireland, ndipo akuyembekezeka kupha yochuluka mwa mitengo ya ash ya pachilumbapo. Amisiri osema ndodo, amene ambiri ndi mabanja ang'onoang'ono a kumudzi, anali atayamba kale kuitanitsa matabwa kuchokera ku mayiko ena a ku Ulaya, koma matendawo ali komwekonso, ndipo ena ayamba kupanga ndodo za nsungwi ndi za zipangizo zochita kupanga. Kwa makolo a ku Ballyhale, amene amagulira mwana ndodo yatsopano nthawi iliyonse akatalika kapena ikathyoka, ndiponso chisoti chimene chakhala chokakamiza kwa osewera onse kuyambira 2010, mtengo wa zipangizozi ndi nkhani ya m'nyumba.

Pa bwalo, mpikisano sunaime. Mu 2023 O'Loughlin Gaels ya mumzinda wa Kilkenny inagonjetsa Shamrocks ndi pointi imodzi mu ndime yomaliza ya kaunti, n'kuthetsa ulamuliro wa zaka zisanu, ndipo mu 2024 chikho cha Tom Walsh chinapita ku Thomastown, parishi yoyandikana ndi Ballyhale, imene inali isanachigwire kuyambira 1946 ndipo inali itangokwera kumene kuchokera m'gulu la pakati.